Phiri Losaphulika

Lachitatu usiku, pa kanema wa Refilwe,
anaonetsa phiri la kutsidya kwa nyanja zamchere
likusanza utsi wakuda bii mpaka kumeza dzuwa.
Ndege zaima, anatero wowerenga nkhani,
sukulu atseka, aliyense aphimbe mphuno,
phulusa limenelo n'lakuthwa, limacheka mapapo.
Tinaona galimoto zitakwiririka mpaka m'mawindo
ndi mkulu wina akukokolola denga lake ndi fosholo.
Refilwe anagwira pakamwa. Ine ndinaseka mosafuna,
kusekako n'kuthera m'kutsokomola.

Lathutu lili pompano, kuseri kwa mpanda wa malata.
Silibangula. Silitulutsa moto.
N'lachikasu, losalala pamwamba ngati tebulo,
makoko amene Joni analavula
atatha kumeza golide.
Ogasiti akabwera ndi mphepo yake
phirilo limadzuka, kuyenda, kudzatichezera osaodira.
Limadutsa pansi pa chitseko ngakhale nditsekepo ndi thaulo lonyowa,
limakhala m'shuga, m'makutu, m'Masalimo,
ukaluma buledi mano amakukuta mchenga.

Ndaziona ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Usiku chifuwa chake chimaimba mluzu
ndipo ine ndimagona ndi khutu limodzi.
Kampope kabuluu ka kukiliniki
ndimakagwedeza mumdima, kumvera ngati mwatsala kanthu.
Nesi anati, mayi, mwanayu mumchotse pafumbi.
Ndinati chabwino.
Sindinafunse kuti ndikamuike pati.

Kumene kuli mitengo ndimapitako ndi mateksi awiri,
kukachapa ndi kusita ku Northcliff.
M'chipinda cha madamu muli makina osefa mpweya,
ali ndi kanyali kobiriwira kosathima.
Kakafiira pang'ono, amakuwa kuti nditseke mawindo.
Lolemba lililonse makinawo ndimawapukuta fumbi
ndi kansalu kawokawo.

Agogo a Jailosi anabwera kuno pa ndege ya Wenela.
Anabwerera ku Ntcheu ndi njinga, wailesi, jasi lalitali
ndi chifuwa chosamva jekiseni.
Anthu ankati awalodza chifukwa cha njingayo.
Ndinali kamwana, ntchito yanga inali yokataya chitini cholavulira
kuseri kwa nkhokwe, osayang'anamo.
Sankakamba za pansi. Ankangoti,
kumene kuja miyala timaipuma.
Tinkayesa nthabwala.

Tsopano ndikamayanika zovala ndimaliyang'ana phirili.
Ndi mbali iti imene anatulutsa iwo?
Ngolo zingati?
Mwina fumbi lili pa pilo wa Ndaziona
linayamba ladutsa pa fosholo yawo,
mwina likutidziwa ndi mfunda womwe,
n'chifukwa chake silisochera pakhomo.

Ndalama ndimatumiza kumudzi mwezi ukatha.
Pafoni amati, muli bwanji ku Joniko?
Ndimayamba ndameza malovu, kukhosi kuyere,
kenako n'kuti, kuno kulibe vuto.

Lachisanu anati phiri lija lagona,
mphepo yakankhira phulusa kunyanja, ndege zauluka.
Imodzi inadutsa pamwamba pathu madzulo, nyali zikuphethira,
anthu m'katimo akupuma mpweya wosefa.
Ndinaanula malaya a sukulu, oyera m'mawa uja,
nditawakutumula anafuka.

M'nyumba ndinapeza Ndaziona atagwada pawindo,
chala chake chikujambula pafumbi la pagalasi:
phiri, moto pamwamba pake, tianthu tikuthawa,
wina atanyamula mbuzi.
Amayi, lathuli liphulika liti,
kuti nafenso ationetse pa kanema?

Ndinati tiye ukasambe m'manja.
Ndinaviika thaulo m'ndowa, kulifinya,
kuligoneka pansi pa chitseko.
Chithunzicho sindinachipukute.
Pofika m'mawa chinali chitafufutika chokha,
lina litagwera pamwamba pake.